Chinsinsi cha mnzathu chili m'manja mwathu

Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe pamodzi za kanthu kamene ambirife timagona nako kumutu kwa mphasa, ndipo timayamba kukagwira tisanasukusule n'komwe. Tikunena lamya ya m'manja. Nkhaniyi tiyiunika maso athu ali kugombe la nyanja m'boma la Salima, kuyambira ku Chipoka, kudzera kwa Maganga, ku Senga Bay ndi ku Lifuwu mpaka kukafika ku Chikombe kwa Makanjira, pakuti kumeneku n'komwe munthu angaone poyera momwe kachipangizoka kapeputsira moyo wa anthu wamba, komanso momwe katsegulira khomo kwa akathyali.

Zaka 20 zapitazo, mayi wa geni ya usipa ankamanga ndalama zake pansonga ya chitenje, n'kukwera matola kuchokera ku Lilongwe kupita kunyanja asakudziwa ngati nsomba zafa kapena ayi. Mantha ake onse adali pa opisa m'matumba a kudepoti. Kuchokera pamene Airtel Money idayamba m'chaka cha 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, zinthu zidasintha. Lero mayi yemweyo amaimbira lamya mwini boti m'bandakucha, amva mtengo, atumiza ndalama ali pakhomo pake, ndipo thumba la usipa limupeza pamsika. Msodzi naye amatumiza ya ndiwo kwa akazi ake asanatsike n'komwe m'boti. Mwana amene ali ku Johannesburg amalipira fizi ya mng'ono wake wa ku Thavite tsiku lomwelo. Izi n'zabwino, ndipo palibe wanzeru amene angafune kubwerera kumasiku a pansonga ya chitenje.

Koma pamene ndalama idasamuka n'kulowa m'lamya, mbala nayo idasamuka. Idasiya depoti n'kukabisala kuseri kwa nambala yosadziwika. M'chaka cha 2023, bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira ntchito za mauthenga m'dziko muno, lidaulula kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha palamya. Tikawonkhetsa pa chaka, ndalamazi zikuposa K1.4 biliyoni. Chozizwitsa n'chakuti akuluakulu a bungweli komanso apolisi akhala akunena kuti ochuluka mwa mauthenga achinyengowa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, komwe lamya zimalowa mozembetsa. Munthu ali m'chitokosi, koma dzanja lake likufika m'thumba la gogo wa kwa Pemba amene sadamuonepo.

Kodi zimatheka bwanji? Aliyense wokulira kunyanja amadziwa kaphedwe ka usipa usiku wopanda mwezi. Siginala amatsogola ndi bwato lake atayatsa nyali, usipa umasonkhana pansi pa kuwalako, kenaka alovi amazinga ndi chilimira. Palibe amene amathamangitsa usipa; umabwera wokha. Kathyali wa palamya nayenso sathyola chitseko cha kampani ya mafoni. Amangoyatsa nyali. Nyali ina ndi ya chiyembekezo: mwawina mphoto, dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, papezeka ntchito, mneneri walota za inu, chongofunika n'kutumiza kandalama kochepa ka kalembera. Nyali ina ndi ya mantha: mwana wanu wakomoka kusukulu, mbale wanu ali m'manja mwa apolisi, nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kutsatira zomwe tikuuzeni. Palinso nyali ya chifundo, yomwe imakola anthu abwino mtima: ndatumiza ndalama kwa inu molakwitsa, chonde bwezani, n'za kuchipatala. Uthenga woonetsa ngati ndalama zalowa umakhala wolembedwa ndi kathyali yemweyo, ndipo amene wabweza asanaone zotsala m'lamya mwake wapereka zake zomwe.

Nyali zonsezi zili ndi chizindikiro chimodzi: zimafuna changu. Wakuba salola kuti mudule lamya, mufunse akunyumba kapena mugonepo tulo. Amadziwa kuti bodza lake silingapirire kufunsidwa kawiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pankhani iyi kudekha kwa mphindi zisanu kwapulumutsa mpamba wa anthu ambiri.

Makiyi atatu

Pali zinthu zitatu zimene wakuba amazilakalaka kuposa ndalama yomwe mungamtumizire kamodzi, chifukwa akazipeza amalowa ndi kutuluka m'nyumba mwanu momwe angafunire.

Choyamba ndi nambala yachinsinsi ya Mpamba, Airtel Money kapena ya kubanki. Ambiri timasankha chaka chimene tidabadwa kuti tisavutike kukumbukira, kuiwala kuti chaka chomwecho chidalembedwa pachiphaso chimene chimayenda m'chikwama chimodzi ndi lamyayo. Komanso tonse taonapo agogo atafika pa ejenti, n'kupereka lamya, n'kutchula nambala yachinsinsi mokweza mzere wonse ukumva. Wogwira ntchito weniweni wa kampani ya mafoni kapena wa banki safunsa nambala imeneyi. Amene waifunsa wadziulula yekha.

Chachiwiri ndi chiphaso cha unzika. M'chaka cha 2017 nthambi ya kalembera ya NRB idalemba Amalawi oposa 9 miliyoni, ndipo mu 2018 boma lidalamula kuti nambala iliyonse ya lamya ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kuyambira pamenepo kakhadi kameneka kadasanduka kiyi wa zambiri: kubanki, kukalembera wa chisankho, ngakhalenso pogula fetereza wotsika mtengo pansi pa ndondomeko ya AIP yomwe idayamba mu 2020. Cholinga cholembetsa nambala chidali chakuti wolakwa azipezeka. Koma akamberembere adapeza njira: amabwereka chiphaso cha munthu wosauka pomupatsa kandalama ka sopo, n'kulembetsera nambala zimene akabere nazo. Tsiku lofufuza, dzina lotuluka pakompyuta ndi la mlimi wa kwa Khombedza amene sadziwa kanthu. Kubwereketsa chiphaso kuli ngati kubwereketsa nkhope kwa munthu amene sukudziwa komwe akupita nayo.

Chachitatu ndi manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pofuna kutsimikiza mwini nambala. Wakuba amalemba nambala yanu m'lamya yake, WhatsApp n'kutumiza manambalawo kwa inu. Kenaka amakuimbirani mwaulemu, akudzitchula kuti ndi mlembi wa gulu la kutchalitchi kapena la kuntchito, nati manambalawo ndi olowera pamsonkhano. Mukangowatchula, WhatsApp yanu yasamukira kwa iye. Abale anu a ku Joni ayamba kulandira mauthenga m'dzina lanu ndi chithunzi chanu, owapempha ndalama mwachangu. Chitetezo chake chilimo kale mu WhatsApp momwemo: munthu akhoza kuika nambala yachinsinsi yachiwiri ya iye yekha, yomwe imafunsidwa aliyense akafuna kusamutsa nambalayo. Sizitenga nthawi, koma ndi ochepa amene adauzidwapo.

Amatidziwira kuti?

Apa m'pamene pagona nkhani yathu. Tikamamva kuti wina waberedwa, kawirikawiri amati: adanditchula dzina, adadziwa kuti mwana wanga ali kusukulu yogonera konko, adadziwa kuti kwathu kudagwa maliro. Ena amafika poganiza kuti pali zamatsenga. Chilungamo chake n'chakuti zambiri mwa izi wakuba amazitola pomwe ife tazimwaza.

Taganizirani ndandanda wa chipepeso umene timaponya pagulu la WhatsApp: dzina, mudzi, ndalama imene aliyense wapereka, ndi nambala ya msungichuma. Taganizirani ndandanda wa banki m'khonde woonetsa amene walandira zochuluka mwezi uno. Taganizirani chithunzi cha uthenga wa Mpamba chimene timatumiza pagulu ngati umboni wakuti talipira, pomwe pansi pake pakuoneka ndalama zotsala. Taganizirani chiphaso chotoledwa pamsika wa Kamuzu Road, chimene munthu wachifundo amachijambula mbali zonse ziwiri n'kuchimwaza m'magulu khumi kuti mwini wake apezeke. Zonsezi timachita ndi mtima wabwino. Koma pagulu la anthu 200 palibe amene amadziwa onse, ndipo chimene chalowa pagulu limodzi sichichedwa kufika pa lina.

Kafukufuku wa ofesi yoona za chiwerengero ya NSO wa mu 2019 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 15 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti. Chiwerengerochi chakwera kuchokera nthawi imeneyo, koma ochuluka akadali kunja. Tanthauzo lake n'lakuti anthu ambiri amene maina, nkhope ndi mavuto awo zikuyenda pa intaneti sadaziikepo okha. Gogo wa kwa Ndindi alibe Facebook, koma chithunzi chake ali gone m'chipatala chilipo. Khanda silidziwa kulemba, koma dzina lake lonse, tsiku lobadwa ndi khomo la kwawo zili poyera. Adaziika ndi mdzukulu, mlamu, mnzake wa kumpingo. Choncho malangizo akuti aliyense adzisamale, ngakhale ali oona, ndi operewera. Munthu akhoza kutseka pakamwa pake bwinobwino, koma chinsinsi chake n'kutulukira pakamwa pa mnansi.

Zotayika zoposa ndalama

Ndalama ikatayika munthu amalira, kenaka n'kuyambiranso. Pali zina zimene sizibwerera msanga.

M'mwezi wa Malichi 2024, atolankhani a BBC Africa Eye adaonetsa momwe amayi ndi atsikana a dziko lino adanyengedwera kupita ku Oman. Ena mwa iwo adafikiridwa pa Facebook ndi anthu owalonjeza ntchito zabwino kunja, koma atafika adalandidwa mapasipoti n'kusandutsidwa antchito a m'nyumba ogwira usana ndi usiku, ena mpaka kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Boma lidati lidagwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 160,000 a ku America pobweza kumudzi amayi 54. Wonyenga wotere sasankha mwachisawawa. Amawerenga zimene timalemba, aona amene akudandaula za ulova, za ngongole, za banja lotha, n'kubwera ngati mpulumutsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe nkhani yomweyi ili ndi mbali ina yolimbikitsa: ambiri mwa amayiwa adapezana ndi kumveka kudzera pagulu la WhatsApp limene adayambitsa mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Chida chimene chidawakola ndi chomwecho chimene chidathandiza kuwawombola. Kusiyana kudali pa mtima wa amene adachigwira.

Ana nawo sadasiyidwe. Mu 2022 dziko lonse lidadzidzimuka litamva za Lu Ke, nzika ya dziko la China, amene ankajambula ana kwa Njewa ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chiyankhulo chimene sankachimva, n'kumagulitsa makanemawo pa intaneti. Adathawira ku Zambia, adagwidwa ku Chipata, adabwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti lidamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno. Makolo a kugombe la Senga Bay, komwe alendo amafika chaka chonse ndipo ana amasamba ndi kusewera poyera, ayenera kuikumbukira nkhani imeneyi. Alendo ambiri ndi aulemu ndipo timawalandira ndi manja awiri. Koma kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti chithunzi cha mwana wake chikupita kuti, ndi kukana ngati silikukhutira, ngakhale wojambulayo atatulutsa masiwiti kapena kandalama.

Palinso zithunzi za kuchipinda. Mtsikana amatumiza chithunzi kwa amene akumukhulupirira, chibwenzi chitha, chithunzi chiyamba ulendo. Nthawi zina chimatuluka lamya itasiyidwa kotchajitsa, kwa okonza mafoni kapena koikitsa nyimbo, ili yosakiya. Sitikunena kuti onse ogwira ntchito zimenezi ndi osakhulupirika. Ambiri ndi anyamata odzisakira pachilungamo. Koma m'modzi yekha wopanda umunthu akwanira kuchotsa mwana wa eni pasukulu, kupasula banja, ngakhale kumufikitsa munthu poganiza zodzichotsera moyo. Ndipo tinene mosapsatira: woyamba kutulutsa chithunzi ndi m'modzi, koma ochifalitsa ndi mazanamazana, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu olemekezeka amene amati akungodabwa nawo. Moto wa tchire suyenda popanda udzu.

Nanga za maliro? Mwambo wathu umati munthu akatisiya, uthenga umapita kaye kwa mfumu ndi kwa akuluakulu a banja, ndipo amatumidwa munthu wodziwa kuyankhula kuti akafikitse mawuwo modekha. Lero bwato likagubuduzika ndi mphepo ya mwera, kapena minibasi ikachita ngozi pamsewu wa M5, amene wafika poyamba amatulutsa lamya asanatambasule n'komwe dzanja lothandiza. Mayi ali kumunda amadziwa za imfa ya mwana wake poona thupi lake palamya ya mnansi. Uku si kufalitsa uthenga. N'kulanda banja ulemu wake womaliza.

M'magulu athu a mapemphero namo muli chiyeso chomwechi, chitavala malaya abwino. Timalemba kuti tiyeni tipempherere mayi uje, kenaka n'kufotokoza nthenda yake, zimene adokotala anena, zimene bambo akunyumba achita, n'kuwonjezerapo chithunzi. Kodi mwini wake tidamufunsa? Malire a pempho la pemphero ndi miseche ndi opyapyala kwambiri. Amene tikumupemphayo amamudziwa kale wodwalayo pamodzi ndi nthenda yake, safunikira chithunzi. Tikumbukirenso kuti lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kuulula za momwe magazi a munthu wina alili popanda chilolezo chake.

Malamulo alipo, koma akufika pati?

Sitinganene kuti boma langokhala chete. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo kusasokonezedwa pa makalata ndi mauthenga ake a palamya. Mu 2016 aphungu adakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limati ndi mlandu kuzunza, kuopseza kapena kulondalonda munthu kudzera pa intaneti, kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, komanso kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Kenaka kudabwera lamulo la Data Protection Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito m'mwezi wa Juni 2024, MACRA ndi imene idapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli likuti amene akusonkhanitsa mbiri ya anthu anene chifukwa chake, atenge zokhazo zofunikira, azisunge motetezeka, ndipo mwini mbiriyo ali ndi ufulu wofunsa zimene zasungidwa za iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Mbiri ya umoyo wa munthu ndiponso ya ana ili ndi chitetezo chapadera. Sukulu, zipatala, malo ogona alendo a kunyanja amene amakopera ziphaso za alendo awo, mabungwe obwereketsa ndalama, ngakhale mipingo ndi mizikiti imene ili ndi makaundula a anthu ake, onse ayenera kuliwerenga.

Koma osunga mbiri yathu wamkulu koposa ndi boma lenilenilo, ndipo nalonso lidapunthwapo. M'mwezi wa Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza nyumba ya malamulo kuti achiwembu adalowerera makompyuta osindikizira mapasipoti ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo ankafuna dipo. Kwa masabata angapo mapasipoti sadatuluke. Ngati nkhokwe ya boma ikhoza kuboworedwa chotere, nzika ili ndi chifukwa chofunsa momwe zidindo za zala zake ndi nkhope yake zikusungidwira.

Palinso nkhawa ina yakuti mlonda angasanduke kazitape. Ambiri akukumbukira mkangano umene udabuka cha mu 2011 pa makina a MACRA oyang'anira ntchito za makampani a mafoni, omwe anthu adawatcha makina aukazitape, ndipo nkhani yake idakafika kumakhoti. Kumayambiriro kwa 2025 mkangano wofanana udabukanso bungweli litalengeza zofuna kugula, pamtengo wa madola 1.5 miliyoni, makina olondola nkhani zabodza pamasamba a mchezo kuchokera ku kampani ya ku Ghana. Mabungwe omenyera ufulu adadandaula kuti makinawo angagwiritsidwe ntchito potseka anthu pakamwa. Ndipo lamulo la 2016 lomwe lija lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene adalemba pa Facebook kapena pa WhatsApp zokhudza atsogoleri. Maganizo athu ndi akuti mphamvu zimene boma limasonyeza pofufuza amene wanyoza wamkulu lizisonyezenso pofufuza amene wabera wamasiye. Tikupempha kuti malamulowa amasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao n'kumawerengedwa pa wailesi za m'madera, kuti apolisi a ku Salima ndi ku Chipoka akhale ndi maphunziro ndi zipangizo zolondolera milandu yotere, kuti makampani a mafoni azitseka msanga nambala imene yadandaulidwa, ndi kuti akuluakulu a ndende atseke njira zimene lamya zimalowera.

Ngakhale zonsezi zitachitika, lamulo silingakhale pakati pa chala chathu ndi batani lotumizira. Wapolisi amafika chithunzi chitafika kale ku Nkhotakota ndi ku Cape Town. Khoti likhoza kulanga wolakwa, koma silingalowe m'lamya 1,000 kukafufuta chimene chidasungidwa.

Phunziro la ku Mbenji

Anthu a ku Salima safunika kupita kutali kuti akaone momwe chinthu cha onse chimatetezedwera. Boma lili ndi lamulo la za usodzi la 1997, komabe m'madoko ambiri a nyanja yathu anthu akupherabe nsomba ndi masikito, chambo n'kumasowa. Koma pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, zinthu zidayenda mosiyana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu ndi anthu awo adagwirizana kuti chilumbachi chizitsekedwa nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka chitatsegulidwa ndi mwambo cha mu Epulo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, zida zoononga sizololedwa, komiti imayendera katundu wa opita kuchilumbako, ndipo wophwanya pangano amathamangitsidwa. Zotsatira zake n'zakuti utaka wa ku Mbenji udakali wotchuka mpaka lero. Msodzi m'modzi akadasiya yekha kupha nsomba m'dzinja, anzake n'kumapitiriza, sipakadapulumuka kanthu. Chidapulumutsa Mbenji ndi pangano la onse, ndi kulimba mtima kouza mnzako kuti ichi kuno sitichita.

Magulu athu a palamya akusowa pangano lotere. Gulu lililonse, kaya la mpingo, la komiti ya kudoko, la banki m'khonde, la makolo a pasukulu kapena la banja, lingathe kukhala pansi n'kumvana zinthu zochepa. Ndandanda wa zopereka ukhale m'kaundula wa msungichuma n'kuwerengedwa pamsonkhano, osati kuponyedwa pagulu. Chithunzi cha wodwala, cha womwalira kapena cha mwana wa wina chisalowe popanda chilolezo cha eni ake. Chiphaso chotoledwa chiperekedwe kwa mfumu kapena kupolisi, pagulu pangotchulidwa dzina lokha. Munthu wosadziwika asalowetsedwe popanda womuperekera umboni. Ndipo woyang'anira gulu akhale ndi mphamvu yofufuta chosayenera, ngakhale wachitumiza ndi mkulu wampingo kapena bwana.

M'banja namo tingapangane. Uthenga uliwonse wopempha ndalama, ngakhale utabwera ndi dzina ndi chithunzi cha mwana wathu, tiyambe taimbira mwini wake panambala imene timaidziwa, timve mawu ake, ndi kumufunsa kanthu kamene mlendo sangakadziwe. Safunsa adadya phula. Agogo amene maso adafooka asankhiridwe munthu m'modzi wokhulupirika wowaperekeza, ndipo ejenti waulemu aziwabwezera lamya kuti alembe okha nambala yachinsinsi. Amene adaika chaka chobadwa asinthe lero. Lamya isanapite kwa okonza, tichotse memore khadi ndi simu khadi. Mwana wathu akalonjezedwa ntchito kunja, banja lonse lidziwe dzina la womutengayo, ndipo akafunse kaye ku ofesi ya zantchito paboma asanapereke pasipoti kapena ndalama.

Chomaliza, ndipo mwina chofunika koposa: tileke kuseka oberedwa. Kathyali amadalira manyazi athu. Mphunzitsi, m'busa kapena wabizinesi akapusitsidwa amabisa poopa kutchedwa wopepera, motero nambala yomweyo imabera ena khumi mudzi womwewo. Woberedwa auzidwe kuti athamangire ku kampani ya lamya yake ndi kupolisi nthawi yomweyo, uthenga wachinyengowo asaufufute chifukwa ndiwo umboni, ndipo achenjeze anzake mosachita manyazi. Mtsikana amene chithunzi chake chatuluka asaweruzidwe pabwalo la pa WhatsApp. Apezeke akuluakulu omuteteza, ndipo pankhani zokhudza ana pali nambala yaulere ya 116. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Okondedwa awerengi, makolo athu ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Masiku ano mlomo uli kunsonga ya chala, ndipo zimene wanena sizifufutika ndi mvula monga mapazi a pamchenga. Tisanatumize kanthu kalikonse kokhudza munthu wina, tidzifunse mafunso awiri: kodi mwini wake akadakhala pano akadalola? Nanga likadakhala dzina langa, mwana wanga kapena mayi anga, ndikadakondwa? Yankho likakhala lakuti ayi, uthengawo uthere m'lamya mwathu. Pochita zimenezi tidzakhala titatchinjiriza munthu amene mwina sadzadziwa n'komwe kuti tidamutchinjiriza, ndipo tsiku lina wina adzatichitira ife chimodzimodzi.

Tisungirane ulemu, mpaka tidzakumanenso sabata yamawa.